Tisanakambe za malata, tikambe za puloti ndi dzina

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa amayi athu anayankhula pa msonkhano wa amayi a m'malokeshoni a mu Lilongwe pa nkhani ya nyumba. Tawalemba monga anayankhulira. Mukawerenga, mutumizireko mnzanu amene ali pa lendi.

Amayi oyee!

Aaa, ndi mawu amenewo alandilodi angamve? Amayi oyee!

Eya, tsopano ndiye mwadzuka.

Zikomo amayi apampando, mafumu athu amene muli pano, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, ndi inu amayi anzanga ochokera ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku 23, ku 25 ndi kwa Mgona. Abambo ochepa amene mwakhala kumbuyoko takuonani, khalani omasuka, nkhaniyi ndi yanunso.

Ndisanapite patali ndipemphe kanthu. Amene muli pa lendi, kwezani dzanja. Musachite manyazi, inenso ndakhalapo. Taonani manjawo, pafupifupi holo yonse. Tsitsani. Tsopano amene mukukhala m'nyumba yomanga nokha, kwezani. Alipo ndithu. Musatsitse. Mwa inu amene mwakwezanu, amene dzina lanu, lanu lenileni osati la abambo akunyumba, lili pa pepala la malowo, dzanja likhalebe m'mwamba. Ena nonse tsitsani.

Mwaona? Atsalawo tingawawerenge ndi zala. Nkhani yanga ya lero ndi imeneyo.

Ine ndakhala pa lendi zaka 14, ndipo ndasamuka kasanu ndi kamodzi. Katundu wanga amaidziwa ngolo kuposa mmene amaidziwira nyumba. Ndakhalapo pa mdadada wa makomo asanu ndi anayi, chimbudzi chimodzi, bafa limodzi lopanda chitseko, umangokoleka chitenje n'kumatsokomola kuti anthu adziwe kuti muli munthu. Pena adanditulutsa ati ana anga achuluka, akudzazitsa chimbudzi msanga. Pena lendi idakwera kawiri chaka chimodzi, denga likudontha pomwepomwepo. Ndikawerengera ndalama zonse zimene ndapereka zaka 14 zimenezo, bwenzi nditamanga. Nanga n'chifukwa chiyani sindidamange msanga? Si ulesi ayi. Ndinalibe poyambira.

Boma lililonse likabwera limanena kuti likufuna Amalawi azigona m'nyumba zabwino, zotsika mtengo. Timamva pa wailesi kuti ndondomeko zopezera malo ndi zomangira zifewetsedwa. M'masomphenya a Malawi 2063 nkhani yotukula mizinda ili m'gulu la nsanamira zitatu. Ife sitikutsutsa. Tikungofuna tiunikire limodzi kuti chimene chimatitchinga kwenikweni n'chiyani, kuti pofewetsapo afewetse malo oyenera.

Mu Lilongwe muno muli njira ziwiri zopezera nyumba.

Yoyamba ndi ya lamulo. Umakalembetsa puloti ku khonsolo ya mzinda, kapena ku Malawi Housing Corporation, kapena ku Unduna wa za Malo. Umadikira. Mwayi ukakugwera amakupatsa kalata, n'kukuuza ndalama zoti ulipire za chitukuko cha malowo. Ukatero upeze katswiri akujambulire pulani, umulipire. Pulaniyo ipite ku komiti yoona za mapulani a mzinda, ulipirenso kuti aiunike. Akavomereza ndiye uyambe kumanga, ndipo umange m'nthawi imene akuikira, apo ayi puloti atha kukulanda. Khomo lililonse pamenepa likufuna ndalama, thiransipoti, ndi tsiku lathunthu losiya geni. Mayi wogulitsa tomato mu msika wa Kawale akasiya benchi lake tsiku limodzi, madzulo ana adya chiyani?

Njira yachiwiri mukuidziwa nonse. Umamva kuti kwakutikwakuti akudula malo. Umapita ndi dobadoba, mumayeza ndi mapazi, mumalemberana pa pepala la mu kope, mboni ziwiri, chidindo cha amfumu, basi. Mawa lake waumba zidina. Njira imeneyi ndi yachangu ndipo imalola kulipira pang'onopang'ono. Koma msewu palibe, ngalande palibe, ambulansi singafike pakhomo, ndipo malo omwewo atha kugulitsidwa kwa anthu atatu. Tsiku lina umangoona chizindikiro chofiira pakhoma, ati mudamanga popanda chilolezo.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda uno muli anthu 989,318. Lipoti la bungwe la UN-Habitat la mu 2011 lidati anthu atatu mwa anayi alionse mu Lilongwe amakhala m'malo osakonzedwa ndi mapulani. Tamvani bwino: atatu mwa anayi. Ndiye ndifunse, lamulo limene anthu atatu mwa anayi alephera kulitsata, wolakwa ndi ndani? Anthu onsewo ndi osamvera? Kapena lamulolo lidasokedwa pa thupi la munthu wina, ife silikutikwana?

Ena amati kufewetsa malamulo omangira ndi zachilendo, kuononga mzinda. Ayi. Afunseni agogo a ku Kawale ndi kwa Biwi mmene adapezera malo awo. Madera amenewa, pamodzi ndi Area 25 imene idatsegulidwa pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera kuno m'zaka za m'ma 1970, ndi amene m'mabuku a boma amatchedwa Traditional Housing Areas. Nzeru yake inali yosavuta. Boma linkadula mapuloti mwadongosolo, kulambula misewu, kuika madzi pafupi, n'kumuuza munthu kuti manga ndi zimene uli nazo. Zidina zinkaloledwa. Chachikulu chinali chakuti pakhale chimbudzi, nyumba ikhale ndi mawindo olowetsa mpweya, ndipo usalowe mumsewu kapena m'malire a mnzako. Munthu ankayamba ndi zipinda ziwiri, ana akamakula n'kumaonjezera, mpaka nyumba ya zidina ija idasanduka ya njerwa ndi malata. Nyumba zambiri zimene mukuchita lendi lero ku Kawale zidayamba choncho.

Chidachitika n'chakuti anthu adapitiriza kubwera m'tauni, koma kudula mapuloti otere kudatsalira m'mbuyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 madera amenewa adachoka m'manja mwa Malawi Housing Corporation kupita ku makhonsolo, mzere wa odikira n'kumangotalika. Munthu sangagone pa mzere. Ndiye anthu adapita kwa mafumu, Chinsapo n'kukula, Mgona n'kudzaza mpaka m'mphepete mwa njanji, Mtandire n'kufika mumtsinje. Malo osakonzedwa aja sadabwere chifukwa malamulo adafewa. Adabwera chifukwa khomo la lamulo lidachepa.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha amayi ngati ife tomwe. Mu 2003 amayi a ku Mtandire adayamba kusonkha ndalama pang'onopang'ono m'magulu. Gulu lawo lidakula n'kukhala Malawi Homeless People's Federation, likugwira ntchito ndi bungwe la CCODE. Adakhazikitsa thumba la ngongole za nyumba n'kulitcha Mchenga, poti kamchenga kamodzi sikaoneka, koma ukaunjika umamanga nyumba. Adapita ku khonsolo osati kukalira, koma ndi mabuku a ndalama zawo m'manja. Khonsolo idawapatsa malo ku Area 49, ndipo padatuluka mapuloti 222. Chimene chidathandiza n'chiyani? Adakambirana ndi a mapulani kuti mapuloti akhale ocheperako kusiyana ndi muyezo wa nthawi zonse, misewu ya m'kati ikhale yopapatizako, ndipo zidina ziloledwe. Puloti ikachepa, mtengo wake umatsika, paipi ya madzi imafikira mabanja ambiri pa mtunda waufupi. Amayi ankaumba okha zidina, kutunga madzi okha, kulemba okha mabuku a zipangizo. Ku Blantyre zidachitikanso kwa Angelo Goveya, ku Mzuzu ku Mchengautuba.

Sindikunena kuti zonse zidayenda bwino. Ena ngongole idawavuta kubweza, ndipo phunziro lake tilitenge. Koma nyumbazo zilipo, kwerani minibasi mukazione. Umboni woti lamulo likapindika pang'ono mayi wosauka amamanga mwadongosolo uli mumzinda mwathu momwe muno.

Tsopano tiyerekeze ndi pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo imene boma lidayambitsa mu 2014. Cholinga chinali chabwino: munthu alandire malata ndi simenti, adzabweze theka la mtengo pang'onopang'ono. Alipo amene adafoleradi nyumba zawo, makamaka kumidzi, ndipo tikuwayamikira. Koma kuti upindule umayenera kukhala ndi malo ako ndi njerwa zako. Nanga ife a pa lendi, malatawo tikadakhoma pa chiyani? Pamutu? Ndi chifukwa chake ndikuti tisanakambe za malata, tikambe za puloti.

Ena adzati pitani ku banki mukatenge ngongole ya nyumba. Amayi, tiyeni tinene zoona. Banki imafuna chikalata cha umwini wa malo ndi pepala la malipiro a pamwezi. Wa mandasi ali nalo pepala la malipiro? Mu 2024 chiwongoladzanja cha banki yaikulu ya Reserve chidafika pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawa amaikapo chawo pamwamba. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi iliyonse ikagwa, thumba la simenti limakwera, lata limakwera, msomali umakwera, lendi n'kutsatira. Ife banki yathu ndi banki m'khonde ndi chipereganyu. Timamanga mzere umodzi wa njerwa mwezi uno, wina mwezi wa mawa. Lamulo limene silizindikira kamangidwe ka pang'onopang'ono kameneka silikutidziwa ife.

Nanga tikufuna afewetse chiyani? Ndinena zinthu zoti tikapita kwa akhansala tikazitchule chimodzichimodzi.

Choyamba, adulenso mapuloti ang'onoang'ono okhala ndi msewu, ngalande ndi kiyosiki ya madzi, olipira pang'onopang'ono, ndipo akhale kufupi ndi kumene timapezera ndalama. Puloti ya kutali kumene thiransipoti yake ikudya phindu lonse la geni, imeneyo si yotchipa. Mndandanda wa olandira uzimatidwa poyera kuti tione kuti amayi alipo angati, komanso kuti munthu mmodzi asatenge mapuloti asanu m'maina a ana ake.

Chachiwiri, khonsolo ikhale ndi mapulani angapo ovomerezeka kale, a chipinda chimodzi, ziwiri, zitatu, oti munthu angosankha pa mtengo wochepa popanda kukalipira wojambula. Pulaniyo ionetse poyambira ndi podzaonjezera mtsogolo. Ndipo zonse zizithera pa ofesi imodzi, ndi mitengo yolembedwa pakhoma m'Chichewa, kuti pasapezeke wina wonena kuti mayi, ikanipo ya fanta kuti fayilo iyende.

Chachitatu, zipangizo. Mu 2018 boma lidaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Ife amene timagula makala ndi nkhuni tikudziwa kuti mitengo yathadi. Koma mabuloko a simenti si onse angawakwanitse. Choncho zidina zoumbidwa bwino pa maziko olimba, ndi njerwa zotsindira pa makina zosakaniza dothi ndi simenti pang'ono, zivomerezedwe poyera m'malamulo a mzinda, ndipo amisiri athu, kuphatikizapo atsikana, aphunzitsidwe kamangidwe kake.

Chachinayi, kumene anthu adakhala kale, ngati kwa Chinsapo ndi kwa Mgona, njira si kugumula. Njira ndi kukhala pansi ndi eni ake, kuwerenga makomo, kugwirizana podutsa msewu ndi ngalande, kenako kupereka mapepala. Amene nyumba yake yagwera mumsewu apatsidwe pena, osati kungomuuza kuti pakutha pa sabata usapezeke.

Koma amayi, pali malamulo ena amene sitikufuna afewe, ndipo apa tidziuze tokha zoona. Mukukumbukira Febuluwale 2017, mtsinje wa Lingadzi utasefukira ku Mtandire, anthu akupulumutsidwa ndi ndege ya asilikali. Mukukumbukira Disembala chaka chomwecho, madzi atalowa m'nyumba ku Kawale, kwa Biwi ndi kwa Kaliyeka, anthu n'kutaya miyoyo. Mukukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sukulu za mu Lilongwe mpaka kuchedwa kutsegulira. Amene adagona m'zipatala kudikirira odwala ndi ndani? Ndi ife. Choncho lamulo loletsa kumanga m'mphepete mwa mtsinje likhale lolimba, kwa wosauka ndi kwa wolemera yemwe amene amamanga mpanda mpaka m'madzi n'kukankhira mtsinje kwa anzake. Lamulo loti landilodi asaike makomo khumi pa chimbudzi chimodzi likhale lolimba. Afewetse zimene zimatitsekera kunja, alimbitse zimene zimatisunga ndi moyo.

Tsopano ndibwerere ku manja aja adatsika.

Ndili ndi mkulu wanga, bere limodzi. Iye ndi amuna ake adagula malo. Ndalama yoyamba idachokera ku chipereganyu chake, ya kaunjika. Madzi oumbira njerwa adasenza yekha, ali ndi mwana kumsana. Koma tsiku lolemberana iye anali ku msika, pa pepala padalembedwa dzina limodzi. Ankati nanga si ndi bambo wa ana anga, vuto lili pati? Alamu anga anali munthu wabwino, sadamuchitepo chipongwe. Koma adamwalira mwadzidzidzi. Tisanamete n'komwe, achibale a kuchimuna adafika ndi pepala lija m'manja, ati nyumba ndi ya m'bale wathu, inu mubwerere kwanu. Mkulu wanga adaopa kukangana ndi anthu pa maliro, adaopa kunenedwa kuti ndiye wapha mwamuna chifukwa cha nyumba. Adatuluka ndi ana atatu ndi mapoto. Lero ali pa lendi, ndipo akamapita ku msika amadutsa pa nyumba imene adasenzera madzi, muli anthu ena akulipira lendi kwa alamu ake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti lamulo linali kumbali yake, iye osadziwa. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati mayi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu payekha kapena pamodzi ndi ena, ndiponso wolandira gawo loyenera banja likatha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu atha kumangidwa nawo. Lamulo la maukwati la 2015 limati pogawa katundu khoti liziwerengeranso ntchito za pakhomo, kuphika, kulera ana, osati ndalama zokha. Ndipo lamulo la malo a mafumu la 2016 limati m'komiti yoona za malo, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Malamulo alipo. Koma kukamenyera nyumba kukhoti uli ndi chisoni, ulibe thiransipoti, ndi ntchito yaikulu. Dzina likakhala pa pepala kuyambira tsiku loyamba, mkangano umatha usanayambe. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Choncho pempho lathu lachisanu, limene likumanga onse aja, ndi ili: puloti iliyonse imene boma kapena khonsolo ikupereka kwa banja, fomu yake ikhale ndi malo a maina awiri, ndipo wolembayo azifunsa kuti mayi ali kuti. Lamulo limalola kale kuti anthu awiri alembetse malo amodzi. Chikusoweka ndi chizolowezi. Ndipo mayi amene sali pabanja, wamasiye, kapena amene banja lidatha, asafunsidwe kuti abambo ali kuti. Abwera yekha, alembedwe yekha. Mafumu athu muli pano, inunso musanadinde pepala la malo, funsani funso lomwelo. Chidindo chanu chitha kupulumutsa ana amasiye amene simunawaonebe.

Abambo muli kumbuyoko, musaone ngati tikukulandani. Dzina la mkazi wanu pa pepala ndi mpanda wa ana anu tsiku limene inu simudzakhalapo kuti muwayankhulire.

Nanga ife tichite chiyani tikatuluka pano? Madzulo ano, mukadya nsima, pemphani kuona pepala la malo. Musakalipe, ingonenani kuti bambo, tiyeni tione limodzi. Ngati dzina lanu palibe, kambiranani zokalionjezera. Lijambuleni pa foni, kope ina mukasungitse kwa munthu amene mumamukhulupirira. Malisiti a simenti ndi malata, ngakhale uthenga wa pa foni wotumizira ndalama kwa mmisiri, musataye. Lembani wilo, kulemba wilo si kuitana imfa. Wina akakuopsezani kuti akutulutsani m'nyumba ya malemu amuna anu, pitani ku Victim Support Unit ku polisi, kapena ku Legal Aid Bureau kumene amathandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Musapite nokha, tengani amayi awiri a gulu.

Ife a pa lendi, m'magulu athu a banki m'khonde titsegule buku lapadera la malo, losagawana pa Disembala. Tilembe maina a amayi onse opanda malo m'dera lathu, ndalama imene aliyense amalipira pa lendi, ndi zaka zimene wakhala akulipira. Buku limenelo tikalitula pa tebulo la akhansala ndi a phungu, sadzatiuza kuti anthu ake ndi ati. Amayi a ku Mtandire adachita zomwezo, ndipo anali ndi zochepa kuposa zimene tili nazo ife lero. Mutu umodzi susenza denga.

Ine ndidapeza kapuloti kanga zaka zitatu zapitazo. Nyumba ili pa windo, ndalama ya malata sinakwane, mwina chaka chamawa. Ndikadali pa lendi. Koma pa pepala pali maina awiri, ndipo langa ndidalemba ndekha ndi dzanja ili.

Tikadzakumananso ndidzafunsanso mafunso atatu aja. Ndikufuna pa funso lachitatu manja adzachuluke.